Gombe la V ku Gallipoli: momwe dziko la Ireland linaiwalira asilikali ake ndi kudzawakumbukiranso

M'mawa wa Lamulungu, pa 25 Epulo 1915, sitima yonyamula malasha yotchedwa River Clyde inayendetsedwa dala mpaka kukatitimira mumchenga pafupi ndi mudzi wa Sedd el Bahr, kunsonga ya dera la Gallipoli m'dziko limene lero ndi Turkey. M'kati mwake simunali malasha, koma asilikali pafupifupi 2,000, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera ku Ireland. Pambali pa sitimayo pankabwera maboti opalasa odzaza ndi asilikali enanso a ku Ireland. Pamene dzuwa linkalowa tsiku limenelo, mazanamazana a anthuwa anali atafa, ena m'maboti momwemo, ena m'madzi, ena pamchenga. Kuchokera pamenepo panadutsa zaka 95 mtsogoleri wa dziko la Ireland asanapite ku Gallipoli kukawalemekeza, ndipo kuchedwa kumeneku kuli ndi zifukwa zake zimene zimafotokoza zambiri za mbiri ya dzikolo.

Ufumu wa Ottoman, umene unkalamulira dera limene lero ndi Turkey, unalowa nkhondo yoyamba ya dziko lonse kumbali ya Germany chakumapeto kwa 1914, ndipo unatseka mpata wa nyanja wa Dardanelles, wodutsa m'mbali mwa dera la Gallipoli, umene unali njira yofunika ya sitima zopita ku Russia. Akuluakulu a ku London, makamaka Winston Churchill amene ankayang'anira asilikali apamadzi, anaganiza kuti sitima zankhondo zikhoza kudutsa mpatawo mokakamiza n'kukafika ku Constantinople, likulu la ufumuwo. Pa 18 Malichi 1915 anayesa, koma mabomba otchera m'madzi ndi mizinga ya kumtunda inamiza sitima zikuluzikulu zitatu. Apa anagamula zoti atsitse asilikali pamtunda kuti akalande mizingayo, ndipo ntchitoyi anaipereka kwa Sir Ian Hamilton. Panatenga masabata asanu kuti akonzeke, ndipo masabata omwewo asilikali a Ottoman anawagwiritsa ntchito kukumba ngalande zobisalamo ndi kutchera waya waminga m'magombe onse amene munthu akanatha kutsikirapo.

Kutsitsa asilikali kuchokera panyanja pamaso pa mdani amene akudikira ndi imodzi mwa ntchito zovuta kwambiri pankhondo. Msilikali amene ali m'boti sangabisale, sangathawe, ndipo sangawombere bwino. Akatsika amapezeka ali m'madzi, katundu akumulemera, pamene womuwomberayo ali pamalo okwera ndipo mtunda wonse anauyeza kale. Mu 1915 asilikali a Britain amene anatsika mu Epulo analibe maboti achitsulo otsegula kutsogolo monga amene anadzagwiritsidwa ntchito pankhondo yachiwiri. Anali ndi maboti wamba amatabwa, amene ankakokedwa ndi tisitima ting'onoting'ono mpaka pafupi ndi gombe, kenako amalinyero n'kumalizitsa ndi nkhafi. Edward Unwin, mmodzi mwa maofisala a asilikali apamadzi, ndiye anabwera ndi nzeru ya River Clyde pofuna kuchepetsa vutoli. Anaboola makomo m'mbali mwa sitimayo, anamangirira timilatho totsikira kutsogolo, ndipo anakonza zoti maboti athyathyathya onyamulira katundu alumikizidwe kukhala mlatho wochoka pasitima kukafika pamtunda.

Magombe asanu a ku Cape Helles, kunsonga ya Gallipoli, anapatsidwa mayina a zilembo, S, V, W, X ndi Y, ndipo gombe la V ndi limene linagwera bataliyoni (gulu la asilikali pafupifupi 1,000) yoyamba ya Royal Dublin Fusiliers ndi bataliyoni yoyamba ya Royal Munster Fusiliers, pamodzi ndi asilikali ena a Hampshire Regiment a ku England. Ndi bwino kudziwa kuti anthu amenewa anali ndani, chifukwa nthawi zambiri amasakanizidwa ndi anyamata amene analembetsa usilikali nkhondo itayamba. Iwo anali asilikali a ntchito, olembedwa kale nkhondo isanaganiziridwe n'komwe. Pamene inkayamba, a Dublin anali ku Madras ku India, ndipo a Munster anali ku Rangoon ku Burma. Ambiri anali ana a anthu osauka a m'nyumba zothithikana za mu mzinda wa Dublin ndi a m'matauni a ku Cork, Limerick, Kerry ndi Clare, amene analowa usilikali chifukwa kumeneko kunali malipiro okhazikika, chakudya ndi pogona. Ndale za Ireland sizinawatumize ku Gallipoli, komabe ndale zomwezo ndi zimene zinadzagamula za chikumbutso chawo.

Gombe la V ndi laling'ono, lotalika mamita pafupifupi 300, ndipo lazunguliridwa ndi mtunda wokwera mbali zitatu. Mbali ina kuli linga lakale la Sedd el Bahr, mbali inayo kuli phompho limene pamwamba pake panali mizinga. Sitima yankhondo ya Albion inawombera malowo m'bandakucha, ndipo kumtunda kunali zii, moti ena anaganiza kuti adani athawa. Asilikali a Ottoman a bataliyoni yachitatu ya gulu la nambala 26, motsogozedwa ndi Mahmut Sabri, anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene ankabwerawo, koma anadikira mwakachetechete mpaka maboti atafika pafupi. Itangodutsa 6 koloko, anayamba kuwombera onse pamodzi. Malipoti a Britain ankanena za mfuti zachiwaya, pamene olemba mbiri a ku Turkey amati zambiri zinali mfuti wamba za asilikali ophunzitsidwa bwino pamodzi ndi timizinga tochepa. Mulimonsemo, a Dublin amene anali m'maboti anaphedwa ali chikhalire pamipando. Amalinyero opalasa atawomberedwa, maboti ena anangotengeka ndi madzi atadzaza mitembo ndi ovulala. Amene analumphira m'madzi anamira chifukwa cha kulemera kwa zipolopolo ndi chakudya cha masiku atatu chimene aliyense anasenza. Mkulu wa bataliyoniyo, Richard Rooth, anaphedwa atangofika pagombe. Wansembe wawo, Bambo William Finn, anakana kutsala m'mbuyo, anatsika nawo, ndipo anaphedwa akudalitsa anthu amene ankatsirizika. Amatchulidwa kuti ndiye wansembe wa Chikatolika woyamba kufa m'gulu lankhondo la Britain pankhondo imeneyo.

Ku River Clyde zinthu zinalakwikanso. Sitimayo inatitimira patali ndi mtunda kuposa mmene ankayembekezera, ndipo mlatho wa maboti sunalumikizike. Unwin mwiniwake analumphira m'madzi pamodzi ndi malinyero William Williams, nagwira zingwe ndi manja kuti maboti asasunthe, zipolopolo zikuwagwera mbali zonse. Makomo atatsegulidwa, a Munster anatuluka m'mizere iwiri pa timilatho topapatiza, pamene mfuti zonse za kumtunda zinali zitaloza pomwepo. Anagwa motsatizana mpaka timilathoto tinadzaza. Anayesa kachiwiri ndi kachitatu, ndipo mkulu wina wa asilikali, Henry Napier, amene anabwera kudzatsogolera gulu lotsatira, anaphedwanso pamaboti omwewo. Charles Samson, amene ankauluka ndi ndege pamwamba pa gombelo, ananena kuti madzi a m'mphepete anali ofiira ndi magazi. Chimene chinapulumutsa ochepa amene anafika pamtunda chinali kamtumbira ka mchenga kosapitirira m'chifuwa mwa munthu, kamene anabisala kuseri kwake tsiku lonse, komanso mfuti zachiwaya zimene zinaikidwa kutsogolo kwa sitimayo. Asilikali pafupifupi 1,000 amene anatsala m'sitima anatsika kutada, ndipo anatsika popanda vuto lalikulu, zimene zikuonetsa kuti imfa zambiri za m'mawa zinadza chifukwa choumirira kutsitsa anthu masana pamalo amene mdani ankaona chilichonse. Mkulu wa gulu lonse la ku Helles, Aylmer Hunter-Weston, anali pasitima ina moyang'anana ndi gombe la W, ndipo anachedwa kumvetsa zimene zinkachitika.

M'mawa mwake otsalawo anaukira linga ndi mudzi, motsogozedwa ndi Charles Doughty-Wylie amene anafera pomwepo, ndipo anazilanda. Pa tsiku limenelo William Cosgrove wa Munster, mwamuna wamtali wochokera ku Aghada m'chigawo cha Cork, anaona kuti zodulira zikukanika waya waminga, choncho anaimirira poyera n'kuyamba kuzula mitengo ya wayayo ndi manja. Anawomberedwa, koma anapulumuka ndipo analandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima m'gulu lankhondo la Britain. Amalinyero asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo Unwin ndi Williams, analandiranso mendulo yomweyo chifukwa cha zimene anachita pa gombe la V. Pofika kumapeto kwa Epulo, bataliyoni ya Dublin imene inanyamuka ndi anthu pafupifupi 1,000 inatsala ndi ofisala mmodzi yekha ndi asilikali osakwana 400 otha kumenya nkhondo. Otsala a Dublin ndi a Munster anaphatikizidwa kwa masabata angapo kukhala bataliyoni imodzi imene anzawo ankaitcha Dubsters.

Mu Ogasiti kunachitikanso kutsika kwina ku Suvla, kumpoto kwa derali, ndipo uku kunapita gulu la 10th Irish Division motsogozedwa ndi Sir Bryan Mahon. Awa tsopano anali odzipereka a 1914, ndipo pakati pawo panali aphunzitsi, makalaliki, maloya ndi ophunzira, Akatolika ndi Apulotesitanti. Kagulu kena ka bataliyoni yachisanu ndi chiwiri ya Dublin kanapangidwa ndi anyamata osewera ragibi amene analembetsa pamodzi. Anawatsitsa mobalalika, opanda mizinga yawo ndiponso opanda madzi okwanira m'nyengo yotentha kwambiri, ndipo anathera pa Chocolate Hill ndi pa chitunda cha Kiretch Tepe, pamene mabomba apamanja atawathera ena ankawakha mabomba a adani n'kuwabwezera. Asilikali onse anachotsedwa ku Suvla mu Disembala 1915 ndi ku Helles mu Januwale 1916, cholinga cha ulendowo chisanakwaniritsidwe. Anthu a ku Ireland oposa 3,000 anafera ku Gallipoli, chiwerengero choposa cha anthu a ku New Zealand amene anafera komweko.

Kuyerekeza kumeneku n'kofunika, chifukwa ku Australia ndi ku New Zealand tsiku la 25 Epulo linasanduka tsiku lalikulu la dziko kuyambira mu 1916, ndipo anthu kumeneko amaphunzitsidwa kuti mitundu yawo inadziwika pamaso pa dziko lapansi pa magombe a Gallipoli. Ku Ireland zinayenda mosiyana. Pamene nkhondo inkayamba, chilumba chonsecho chinali mbali ya United Kingdom, ndipo lamulo lochipatsa Nyumba ya Malamulo yakeyake linali litavomerezedwa mu Seputembala 1914 koma n'kuimitsidwa mpaka nkhondo itatha. John Redmond, mtsogoleri wa chipani chachikulu cha ofuna kudzilamulira, analimbikitsa anyamata kulowa usilikali pokhulupirira kuti magazi awo adzamanga Britain kuti asunge lonjezolo. Mayina a akufa a ku Gallipoli atayamba kudzaza manyuzipepala a ku Dublin, chikhulupiriro chimenechi chinayamba kugwedezeka, ndipo Redmond mwiniwake anadandaula m'Nyumba ya Malamulo ku London kuti malipoti ena a boma sanatchule n'komwe mayina a magulu a ku Ireland.

Pa 24 Epulo 1916, kutatsala tsiku limodzi kuti chaka chikwane chitsikire asilikali pa gombe la V, gulu la ofuna ufulu wathunthu linalanda nyumba zikuluzikulu mu Dublin ndi kulengeza kuti Ireland ndi dziko loima palokha. Kuukirako kunagonjetsedwa pasanathe sabata, ndipo ena mwa asilikali amene anatumizidwa kukakuthetsa anali a Royal Dublin Fusiliers omwe. Boma la Britain litapha atsogoleri 16 a kuukirako, mitima ya anthu inatembenuka. Pachisankho cha Disembala 1918 chipani cha Sinn Féin, chofuna ufulu wathunthu, chinapeza mipando 73 mwa 105, pamene chipani cha Redmond, amene anali atamwalira mu Malichi chaka chomwecho, chinatsala ndi mipando 6. Msilikali amene anachoka akuombeledwa m'manja anabwerera kudziko limene yunifomu yake inali chizindikiro cha mdani. Nyimbo ina yotchuka ya nthawi imeneyo imanena poyera kuti kufera ku Ireland kunali kwabwino kuposa kukafera ku Suvla kapena ku Sedd el Bahr, moti kwa mibadwo ingapo mayina a malo awiriwa ankadziwika makamaka ngati chitsanzo cha imfa yolakwika malo.

Pamaliro pamafunika mwini wake, woti aitane anthu ndi kukumbutsa za chiliza, ndipo akufa a pa gombe la V anatsala opanda mwini. Dziko lodzilamulira la Irish Free State litakhazikitsidwa kummwera mu 1922, magulu ankhondo a Britain amene ankalemba anthu kummwera kwa chilumbacho anathetsedwa, kuphatikizapo a Dublin ndi a Munster, ndipo mbendera zawo zinaperekedwa kwa Mfumu George V ku Windsor Castle pa 12 Juni chaka chimenecho. Gulu lankhondo likakhalapo limasunga mbiri yake, limaphunzitsa olowa kumene mayina a nkhondo zake, ndipo limachita mwambo chaka ndi chaka. Likathetsedwa zonsezi zimatsalira m'manja mwa okalamba amene akutha mmodzimmodzi. Kumpoto, kumene kunatsalira m'manja mwa Britain, nkhondoyo inakumbukiridwa mwamphamvu, koma chikumbutso chinakhazikika pa gulu la kumpoto la 36th Ulster Division ndi tsiku la 1 Julayi 1916, pamene linataya anthu ambiri pankhondo ya ku Somme ku France, nkhani imene inkagwirizana ndi ndale za Apulotesitanti ofuna kukhalabe ndi Britain. Amuna a Chikatolika a ku Cork ndi ku Dublin analibe malo m'nkhani imeneyo, ndipo analibenso malo m'nkhani ya ufulu ya kummwera.

Sikuti kuiwalako kunabwera tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1920 anthu zikwizikwi ankasonkhana mu Dublin pa 11 Novembala, ngakhale kuti nthawi zambiri pankabuka ndewu ndi anthu odana ndi mbendera ya Britain. Mu 1923 anasindikiza mabuku asanu ndi atatu okhala ndi mayina oposa 49,000 a akufa, ngakhale olemba mbiri ambiri lero amati obadwira ku Ireland enieni anali ochepera pamenepo. Komanso malire pakati pa mbali ziwirizi sanali olimba monga momwe nkhani zapambuyo pake zinaonetsera: Emmet Dalton, amene anamenya nkhondo ku Somme ali ofisala wa Royal Dublin Fusiliers, anadzakhala mmodzi mwa anthu oyandikana kwambiri ndi Michael Collins, mmodzi mwa atsogoleri a omenyera ufulu wa Ireland. Koma maganizo a boma anaonekera bwino mu 1927, pamene panali pempho loti chikumbutso cha dziko chimangidwe pa Merrion Square, moyang'anana ndi nyumba za boma. Nduna Kevin O'Higgins, amene m'bale wake anafera ku nkhondo yomweyo, anakana ponena kuti salimbana ndi ulemu wa akufawo, koma dziko latsopanolo silinabadwe kuchokera m'nsembe yawo, ndipo mlendo asamaganize choncho. Chikumbutsocho chinakamangidwa ku Islandbridge, kunja kwa pakati pa mzinda, molingana ndi pulani ya Sir Edwin Lutyens. Kumangako kunatha mu 1939, koma mwambo wotsegulira unaimitsidwa nkhondo yachiwiri itayandikira, ndipo mundawo unasiyidwa n'kumera tchire mpaka pamene unakonzedwa ndi kupatulidwa mu 1988. M'mabanja ambiri mamendulo anabisidwa m'mabokosi, ndipo adzukulu anakula osadziwa kuti agogo awo anali ku Gallipoli.

Kusintha kunabwera limodzi ndi kufunafuna mtendere ku Northern Ireland, dera lakumpoto lija. Bomba limene IRA, gulu la zida lolimbana ndi ulamuliro wa Britain kumpoto, linaphulitsa pamwambo wokumbukira akufa a nkhondo ku Enniskillen pa 8 Novembala 1987, ndi kupha anthu 11 tsiku lomwelo, linachititsa manyazi anthu ambiri a kummwera ndipo linawakakamiza kufunsa chifukwa chimene chikumbutso chimenechi anachisiyira mbali imodzi yokha. Bungwe la Royal Dublin Fusiliers Association linakhazikitsidwa mu 1996 ndipo linayamba kutolera makalata, zithunzi ndi mamendulo m'mabanja. Pa 11 Novembala 1998, patangopita miyezi ingapo chisainire pangano la mtendere la Belfast, Pulezidenti wa Ireland Mary McAleese ndi Mfumukazi Elizabeth II ya Britain anaimira pamodzi ku Messines ku Belgium potsegulira malo okumbukira akufa onse a chilumbacho. Mu Malichi 2010 Mayi McAleese anapita ku Gallipoli ndipo anavundukula chikwangwani cha chikumbutso pamanda a Green Hill ku Suvla. Mu 2011 mfumukaziyo inaika nkhata za maluwa mu Dublin pamalo okumbukira omenyera ufulu ndiponso ku Islandbridge, ndipo mu Epulo 2015 Pulezidenti Michael D. Higgins anakhala nawo pamwambo wa zaka 100 ku Turkey.

Pali ngozi imodzi m'kukumbukira kwatsopanoku, ndipo ndikuona kuti iyenera kunenedwa mosabisa. Popeza akufawa anatulutsidwa poyera kuti athandize kuyanjanitsa mbali ziwiri za Ireland, n'kosavuta kuwasandutsa chizindikiro chokoma cha umodzi n'kuiwala funso la chimene ankakachita kumeneko. Iwo ankalowa ndi mfuti m'dziko la eni ake m'dzina la ufumu umene unkalamuliranso dziko lawo. Amene ankawawombera anali anyamata a m'midzi ya Anatolia, osauka ngati iwo omwe, ndipo ufumu wa Ottoman unataya anthu oposa 80,000 ku Gallipoli. Gombe limene Angerezi analitcha V anthu a ku Turkey amalitcha Ertuğrul, ndipo pamwamba pa phompho pali chikumbutso cha Yahya Çavuş, sajeni amene ndi anzake ochepa anatsekereza gombelo tsiku lonse. Kulemekeza a Dublin ndi a Munster sikufuna kuti munthu ayamikire pulani imene inawapha kapena akuluakulu amene anaiumirira. Kumafuna kuti mayina awo adziwike, kuti umphawi umene unawalowetsa usilikali unenedwe, ndiponso kuti asawerengedwe ngati opandukira dziko limene panthawiyo linali lisanakhalepo.

Mayinawo ndi ovuta kuwalumikiza ndi manda. Pamanda a V Beach, amene ali pamchenga pomwe asilikaliwo anagwera, pakukumbukiridwa anthu 696, koma mitembo 480 siidziwika kuti ndi ya yani, ndipo mayina 196 analembedwa pamiyala yapadera yonena kuti eni ake akukhulupiriridwa kuti ali m'mandamo. Ena ambiri ali pakati pa mayina pafupifupi 21,000 pa chipilala cha Helles Memorial chimene chili pamtunda wapafupi. Sitima ya River Clyde inachotsedwa pamchenga mu 1919, inagulitsidwa kwa amalonda a ku Spain amene anaisintha dzina, ndipo inaphwasulidwa mu 1966. Dziko la Ireland lili ndi tsiku limodzi mu Julayi lokumbukira anthu ake onse amene anafera m'nkhondo zosiyanasiyana ndi pantchito za United Nations, koma lilibe tsiku la Gallipoli. Mwambo waukulu umene umachitika mu Dublin pa 25 Epulo ndi wa m'bandakucha pamanda a asilikali a Grangegorman, ndipo umachitika pansi pa dzina la Anzac Day, tsiku lokumbukira asilikali a Australia ndi New Zealand, mothandizidwa ndi akazembe a Australia ndi New Zealand.